DISO LA PANSONGA YA NSUNGWI

Sabata ino danga lagwera ine, ndiye mupirire nane, poti ine si mphunzitsi wa mbiri yakale ayi. Ndimagulitsa zitenje mumsika, sukulu ndinalekezera Fomu 4, ndipo zambiri zimene ndilembe panozi ndaziwerenga pafoni usiku, ana atagona. Koma nkhaniyi inandipeza yokha pabenchi langa, ndiye ndiyambire pomwepo.

Inu amene munagulako chitenje mumsika mukudziwa kuti timazipachika m'mwamba mizeremizere, ndipo timakhala ndi ndodo yaitali ya msomali kunsonga yotsitsira chimene kasitomala waloza. Loweruka lina mwana wa achemwali anga, mnyamata wa Fomu 2 wosamva kamodzi, anatenga ndodo yangayo n'kuilumikiza ndi nsungwi ya bambo wina wogulitsa mphasa. Kunsonga anamangirirako foni yanga ndi malegeni, n'kuitchera kuti ijambule yokha pakatha masekondi khumi, basi n'kuimika chindodo chija njo! Mtima wanga unali m'mwamba limodzi ndi foniyo, poti ndinali ndisanamalize n'kulipira komwe. Ndinamukalipira kwabasi. Koma ataitsitsa n'kundionetsa, ndinangoti kukamwa yasa. Msika umene ndakhalamo zaka 9 ndinali ndisanauonepo choncho. Mizere ya mabenchi, mpopi wathu, kanjira kokhotera kwa a nsomba, maambulera, mitu ya anthu, zonse pamodzi ngati maluwa a pachitenje.

Patatha miyezi inayi msika wathu unapsa usiku. Sindikhalitsa pamenepa, amene zinakuonekeranipo mukudziwa fungo lake. Phulusa lisanazizire n'komwe mkangano wa malo unabuka. Buku la komiti linapsera limodzi ndi kaofesi kake. Aliyense ankaloza pamene mtima wake wafuna, makamaka chakugeti, ndipo kunatulukira nkhope zina zimene sitinazionepo, zikulumbira kuti zakhala pamenepo chiyambire. Chimene chinandibwezera malo anga ndi chithunzi cha mnyamata wosamva uja. Mpopi sunapse, ndipo pachithunzipo benchi langa linali lachitatu kuchokera pampopi. A tcheyamani anayenda ndi foni yanga mzere wonse, akuwerenga mabenchi ndi chala.

Kuyambira pamenepo funso linandikhala pakhosi: ndani anayamba kuganiza zokweza kamera m'mwamba iye ali pansi? Ine ndinkayesa kuti anthu anayamba ndi ndodo, poti ndi yosavuta, kenako nsanja, kenako ndege. Ayi ndithu, zinayenda chobwerera. Ndodo ndiyo inachedwa kufika, ndipo chifukwa chake chili mu kamerayo.

Kamera zoyambirira zinali mabokosi a matabwa, ndipo sizikanatha kujambula popanda munthu pambali pake. Munthu ndiye ankatsegula diso la kamera ndi dzanja, n'kudikira, n'kutsekanso. Ndiye ukafuna chithunzi cha m'mwamba unkayenera kukwera wekha, bokosi lako lili kumsana. Chimodzi mwa zithunzi zakale kwambiri zoonetsa munthu chinajambulidwa choncho mu 1838 ku Paris, pamene Louis Daguerre analozetsa kamera yake mumsewu wa Boulevard du Temple ali pawindo la nyumba yosanja. Msewuwo unali wodzaza ngolo ndi anthu, koma pachithunzi ukuoneka wopanda kanthu, chifukwa kujambula kunkatenga mphindi zingapo ndipo chilichonse choyenda chinkafufutika. Anatsala ndi munthu mmodzi amene anaima malo amodzi akupolishitsa nsapato, pamodzi ndi womupolishirayo. Ine zimenezi zimandisangalatsa. Olemera a m'ngolo anasowa onse, wa geni ya m'mbali mwa msewu ndiye anatsala.

Patapita zaka 20 kunabwera munthu wina wa ku Paris komweko, Gaspard-Félix Tournachon, amene aliyense ankangomutchula kuti Nadar. Uyu pawindo sipanamukwanire. Anakwera m'dengu la chibaluni chodzaza mpweya wopepuka, chomangirira pansi ndi chingwe. Masiku amenewo chithunzi chinkajambulidwa pagalasi lopakidwa mankhwala, ndipo unkayenera kulipaka, kujambula, n'kulitsuka lisanaume, ntchito yonse mkati mwa mphindi zochepa. Choncho Nadar ankakwera ndi mabotolo ake a mankhwala ndi katenti ka mdima m'dengu momwemo. Taganizani, dengu likugwedezeka, mphepo ikuomba, iwe wagwira galasi lonyowa. Analephera kangapo, magalasi akungotuluka akuda, mpaka anazindikira kuti mpweya wotuluka m'chibalunimo ndiwo unkaononga mankhwala ake. Mu 1858 zinamuyendera, anajambula mudzi wa Petit-Bicêtre kufupi ndi Paris ali mamita pafupifupi 80 m'mwamba. Zithunzi zimenezo zinatayika. Chakale kwambiri chimene chilipo mpaka lero ndi cha mzinda wa Boston ku America, chimene James Wallace Black anajambula ali m'chibaluni pa 13 Okutobala 1860.

Zinthu zinasintha atatulukira magalasi ouma, amene ukanatha kuwaika mu kamera lero n'kukawatsuka mawa, komanso kachitseko ka diso la kamera kamene kamatsegula ndi kutseka m'kuphethira kwa diso. Apa ndi pamene munthu anayamba kulekana ndi kamera yake. Funso linatsala limodzi: ikakhala kutali, ndani akaidinize? Arthur Batut wa ku Labruguière, kummwera kwa France, anamangirira kamera ku kaiti mu 1888. Inde, kaiti yomweyi imene ana athu amapanga ndi jumbo ndi timitengo, kungoti yake inali yaikulu. Podiniza anagwiritsa ntchito kachingwe koyaka pang'onopang'ono. Ankakayatsa ali pansi, kaiti n'kukwera, ndiye moto ukafika pamene panamangidwa kachitseko kaja, kamera inkajambula. Ndi nzeru yomweyo ya masekondi khumi a pafoni yanga, kungoti yake inali ya moto.

Wina wogulitsa mankhwala ku Kronberg m'dziko la Germany, Julius Neubronner, ankatumiza mankhwala ndi nkhunda. Anapanga kakamera kakang'ono kovalitsa nkhunda pachifuwa, kodzijambulira kokha nthawi ikakwana. A ofesi yolembetsa luso latsopano anayamba amukanira, ati nkhunda singanyamule zimenezo, mpaka anawabweretsera zithunzi, ndipo mu 1908 anamuvomera. Pazithunzi zina nsonga za mapiko a nkhundayo zimaoneka m'mbali. Vuto lake mwalidziwa kale: nkhunda simungaiuze kuti ijambule nyumba yakuti.

Tsopano ndifike pa munthu amene ndinakhala naye masiku ambiri pafoni, George Lawrence wa ku Chicago. Uyu anali wa geni weniweni, ndipo ndimamumvetsa. Anaona kuti anthu amalipira bwino chithunzi chimene wojambula wina sangathe, ndiye moyo wake wonse unali wosaka zimenezo. Mu 1900 kampani ina ya sitima yapamtunda, Chicago & Alton, inafuna chithunzi chimodzi choonetsa sitima yake yatsopano yonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Lawrence anakhoma kamera yolemera makilogalamu opitirira 600, kunena kwake matumba a chimanga oposa 12, yofuna amuna 15 kuti aiyendetse. Ankajambulanso misonkhano ikuluikulu ndi maphwando, ndipo pamenepo anaphunzira chimene ine ndinaphunzira mumsika: ukaima pansi pakati pa chigulu cha anthu umangojambula misana ya amene ali pafupi nawe. Choncho anayamba kukwera makwerero ndi nsanja. Nsanja itamuchepera anakwera chibaluni.

Mu 1901 ali m'mwamba pamwamba pa makola a ng'ombe a mumzinda wa Chicago, chimene anakweramo chinalekana ndi chibaluni. Anagwa kuchokera pa mamita oposa 60. Chinamupulumutsa ndi mawaya a lamya amene anamuwakha panjira, ndipo anadzuka wamoyo. Kodi inu mukanakweranso? Iye sanasiyiretu tsiku lomwelo, koma maganizo ake anatembenukira pa funso lija: bwanji kamera ikwere yokha, ine nditsale pansi? Anapanga mndandanda wa makaiti omangidwa pachingwe chimodzi, okoka kamera yaikulu, ndi timitengo totuluka m'mbali toiletsa kuzungulira. Mkati mwa chingwecho munkadutsa waya wa magetsi, ndipo iye ali pansi ankangolumikiza ku batire, kamera n'kujambula kumwambako.

Pa 18 Epulo 1906 chivomerezi chinagwedeza mzinda wa San Francisco, ndipo moto umene unatsatira unayaka masiku atatu. Anthu pafupifupi 3,000 anafa, mbali yaikulu ya mzinda inasanduka phulusa. Lawrence anapita. Pa 28 Meyi anakweza makaiti 17 ali m'boti panyanja, atanyamula kamera ya makilogalamu 22, yolemera kuposa chigubu cha madzi cha malita 20. Chithunzi chimene chinatuluka ndi chachitali kuposa mita, ndipo mukachisaka pa intaneti muchipeza. Misewu ili mbee ngati mizere ya m'munda, zipupa zotsala zili njonjonjo, dzuwa likulowa chakumadzulo kwa mzinda. Ankagulitsa chimodzi madola 125, ndipo akuti anapeza madola pafupifupi 15,000. Ine wa mumsika ndinawerengera msanga, ndi zithunzi 120 zokha zimenezo.

Ndisakunamizeni, nditawerenga za ndalamazi china chake chinandiwawa. Ndinakumbukira anyamata amene anabwera m'mawa wa moto wathu, mafoni m'manja, akutijambula tikufukula malata, kuti akaponye pa Facebook. Munthu kudyera phulusa la anzake. Koma ndikachiyang'ana chithunzi cha Lawrence mkwiyo umandithera panjira, chifukwa anthu onse amene anaona mzindawo tsiku limenelo anapita kalekale, ndipo chotsala choonetsa kukula kwa tsokalo ndi chimenechi. Mpaka pano sindinagwirizane nawo mtima wanga pankhaniyi.

Ku Africa kuno Lawrence anafikako, koma zinamukanika. Mu 1909 mkulu wina wa manyuzipepala, W. D. Boyce, anamutenga paulendo wa ku Kenya kuti akajambule nyama zakutchire kuchokera m'mwamba. Zibaluni sizinagwirizane ndi malo akumeneko, makamera anali aakulu ndi aphokoso moti nyama zinkathawa asanatchere n'komwe. Mapeto ake anakagula zithunzi za nyama m'masitolo a ku Nairobi. Ndinaseka ndekha usiku mpaka mwana anadzuka.

Anthu amene anatsitsa kamera kuchoka kumitambo n'kuibweretsa pamsinkhu wa ndodo ndi ofukula zinthu zakale. Pamenepa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa vuto lawo ndi lofanana ndi lathu la mumsika.

Wofukula akamakumba pamalo pamene panali mudzi wakale, amachotsa dothi mosanjikiza. Pamwamba apeza maziko a nyumba za nthawi ina, ndipo kuti aone za pansi pake ayenera kuchotsa zapamwambazo. Zikachoka zachoka, sangazibwezeretse. Ndiye asanachotse ayenera kusunga umboni wa mmene zinakhalira: chipupa ichi chinali apa, mbiya iyi inali pakona iyo, mafupa analoza uku. Akajambula ataima pansi, chapafupi chimaoneka chachikulu, chakutali chaching'ono, ndipo mwala wa patsogolo umabisa za kumbuyo kwake. Akajambula ali m'ndege, mudzi wonse uoneka koma mbiya sioneka. Ine ndimaziona tsiku lililonse ndi makasitomala. Ukachiika chitenje pamphuno umangoona ulusi, ukaima nacho kutsidya kwa msewu umangoona mtundu. Maluwa ake amaoneka ukabwerera m'mbuyo mapazi atatu kapena anayi. Ofukulawo ankafuna mapazi atatu omwewo, koma cham'mwamba: mamita asanu, asanu ndi atatu, khumi, kamera itayang'ana pansi tsonga.

Henry Wellcome, mkulu wolemera wa kampani ya mankhwala, anakumba pa Jebel Moya ku Sudan kuyambira 1910 mpaka 1914, ndi antchito zikwi, ndipo anafukula manda pafupifupi 3,000. Cha m'ma 1912 ndi 1913 gulu lake linkakweza kamera ndi makaiti kuti lijambule pamalopo. Ngati dzinali mukulimva ngati lodziwika, simukulakwa. Chuma chimene anasiya atamwalira mu 1936 ndicho chinakhazikitsa Wellcome Trust, imene dzina lake lili pa bungwe lofufuza za matenda la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Za kufukula manda a eni ake zikwi zitatu, imeneyo ndi nkhani ya sabata ina, ndipo wina pagulu pano aitenge chonde.

Ku Megiddo, malo omwe aja Baibulo limati mfumu Yosiya anaphedwerako, gulu la ku yunivesite ya Chicago linkakumba chitunda chokhala ndi mizinda yosanjikizana, wina pamwamba pa unzake. Mtsogoleri wawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, P. L. O. Guy, ankagwiritsa ntchito makwerero otalikitsika, a mamita pafupifupi 10, oimikidwa pamalo okumbapo. Wojambula ankakwera pamwamba pake ndi chibokosi chake. Pofuna kuona malo aakulupo anabweretsa chibaluni chaching'ono chonyamula kamera yokha, yodinizidwa ndi magetsi kuchokera pansi. Mukuona mmene zikuyendera eti? Nadar anakwera yekha mamita 80. Guy anasiya munthu pamamita 10, kupitirira apo kamera yokha.

M'zaka za m'ma 1960 katswiri wina wojambula mapulani a nyumba wa ku America, Julian Whittlesey, amene anagwirako ntchito ku Sardis m'dziko la Turkey, anamuchotseratu munthu uja pamakwerero. Anapanga miyendo iwiri italiitali yokumana pamwamba ngati phaso za denga, yogwiridwa ndi zingwe, ndipo kamera inkakwezedwa mpaka pansonga, diso lake litaloza pansi. Wojambula ali pansi, nsapato zake zili padothi. Makamera atayamba kupepuka, miyendo iwiri ija inasanduka umodzi. Lero ofukula ambiri amayenda ndi ndodo yolowetsana ngati mlongoti wa wailesi, ena amangogula ndodo za opaka penti kapena zowedzera nsomba. Amayenda nayo pang'onopang'ono pamwamba pa dzenje akujambula zithunzi mazana zolumikizana m'mbali, ndiye kompyuta imaziphatikiza n'kupanga chifanizo cha malowo chimene ungachitembenuze mbali iliyonse n'kuyezapo ndi masentimita. Kuchokera pa Nadar kudzafika pamenepa panadutsa zaka zoposa 100.

Kandodo kamene atsikana amadzijambulira pa ukwati kali ndi mbiri yakeyake. Hiroshi Ueda, injiniya wa kampani ya makamera ya Minolta ku Japan, anafotokozapo kuti ali paulendo ku Paris anapempha mwana wina kuti amujambule ndi banja lake, mwanayo n'kuthawa nayo kamera. Ife a mumsika sitingadabwe. Anapanga kandodo kotalikitsika kogwirizira kamera, n'kukalembetsa mu 1983. Sikanagulidwe. Umwini wake unatha mu 2003, ndipo patangopita zaka khumi mafoni a kamera atadzaza dziko, kandodo komweko kanali paliponse, iye osapezapo kanthu. Katundu wabwino wofika msika usanatsegulidwe, ndi zimenezo.

Koma diso likakwera limaona ndi zimene silinaitanidwe. Google itayamba mu 2007 kuyendetsa magalimoto okhala ndi kamera pamlongoti kuti ijambule misewu, ku Japan anthu anadandaula. Misewu yawo ya m'makomo ndi yopapatiza, nyumba zili pafupi ndi msewu, ndipo mipanda yawo inamangidwa poyeza msinkhu wa munthu woyenda pansi. Kamera ya pamlongoti inkasuzumira pamwamba pa mipandayo n'kuonetsa dziko lonse zovala zoyanikidwa ndi za pakhonde. Mu 2009 Google inavomera kutsitsa kamerayo ndi masentimita 40 n'kujambulanso. Masentimita 40 okha, kutalika kosakwana theka la yadi ya nsalu, ndiwo anasiyanitsa msewu ndi pakhomo pa munthu. Ndiye inu ganizirani kwathu kuno, kumene mabafa ambiri ndi a udzu kapena a matumba, opanda denga. Mpanda wa bafa umamangidwa pokhulupirira kuti kumwamba kuli mbalame zokha. Mnyamata wanga uja ndinamuuza mosapsatira kuti nsungwi yake ithere mumsika, akakaimika m'makomo mwa anthu ndidzamuthyolera ndekha.

Mbali inayo ya nkhani yomweyi ndi imene inandigwira mtima. Mu Epulo 2010 chitsime cha mafuta cha Deepwater Horizon chinaphulika m'nyanja ya Gulf of Mexico, mafuta n'kumatayika kwa miyezi pafupifupi itatu. Boma la America linaletsa ndege wamba kuuluka motsika pamwamba pa malowo, ndipo atolankhani ankavutika kufikako. Anthu wamba a m'mbali mwa nyanja, asodzi ndi ophunzira, anatenga makamera otchipa, n'kuwaika m'mabotolo a zakumwa odulidwa pakati, batani lojambulira litapanikizidwa ndi mphira kuti izingojambulabe, n'kuwakweza ndi zibaluni ndi makaiti. Anasonkhanitsa zithunzi zikwizikwi zoonetsa pamene mafuta afika. Gulu limenelo linadzakhala bungwe la Public Lab, ndipo pambuyo pake linkaphunzitsanso anthu kugwiritsa ntchito ndodo zazitali zowedzera nsomba pamalo pamene kaiti singauluke. Nditawerenga za mphira ija ndinakumbukira malegeni a pafoni yanga. Anthu amenewa sankafuna chithunzi chokongola. Ankafuna choti akalozepo chala tsiku limene wamkulu wina adzanene kuti mafuta sanafike pagombe lawo.

Mwina wina afunsa kuti nanga lero ndodo n'njachiyani, ma drone alipo? Zoona, ndipo kwathu kuno si zachilendo. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu, mu 2020 sukulu yophunzitsa za ma drone, African Drone and Data Academy, inatsegulidwa ku Lilongwe, ndipo namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, ambiri a ife tinamvetsa kukula kwa zimene zachitika ku Chilobwe titaona zithunzi za m'mwamba. Koma drone ndi ndalama zambiri, imafuna chilolezo cha a zandege, batire lake silichedwa kutha, ndipo pamwamba pa mitu ya anthu mumsika ikagwa ndi mlandu. Nsungwi ndi ya pamunda. Komanso pamamita asanu kapena asanu ndi limodzi umaona mizere ya mabenchi ndi nkhope za eni ake nthawi imodzi. Ukakwera kwambiri nkhope zimasowa, pamatsala malata.

Amene mukufuna kuyesa, mumve izi. Foni imaoneka yopepuka m'manja, koma ikakhala kunsonga ya mamita asanu imakoka ngati njerwa, ndipo kamphepo pang'ono ndodo imavina. Tsinde lake litsamire pansi, muliponde ndi phazi, mugwire anthu awiri. Jambulani kambirimbiri, chimodzi chidzatuluka bwino. Musanaimike yang'anani kumwamba. Mawaya amene anawakha Lawrence anali a lamya, a ESCOM sawakha munthu, ndipo nsungwi yaiwisi kapena yonyowa imayendetsa magetsi, chitsulo ndiye musanene. Kukachita mabingu ikani pansi.

Ndibwerere ku chithunzi chathu chija, poti pali china chimene sindinakuuzeni. Loweruka limene mnyamata anajambula, mayi amene tinkayandikana nawo, ogulitsa ulusi, singano ndi mabatani, anali atapita kumudzi ku maliro a mlongo wawo. Benchi lawo linali lopanda kanthu, ndiye mnyamata wina wogulitsa masokosi moyendayenda anayalapo katundu wake tsiku limenelo lokha. Pachithunzi, benchi lachinayi kuchokera pampopi ndi la masokosi. Moto utatha mnyamatayo anabwera n'kuloza nkhope yake pafoni yanga. Ife tinachitira umboni, tinati mayiwa akhala pano zaka zoposa zanga. A tcheyamani anati akayamba kumvera pakamwa pa munthu mmodzi ndiye kuti mzere wonse uyambiranso kukangana, tagwirizana kutsata chithunzi, titsate chithunzi. Mayi aja anapatsidwa malo kumapeto, kufupi ndi zimbudzi, kumene kasitomala safika pokhapokha atasochera. Amandipatsa moni bwinobwino, koma foni inali yanga, ndipo tonse awiri timadziwa.

Panopa Loweruka loyamba la mwezi uliwonse mnyamata uja amabwera ndi nsungwi yake. Timajambula kuchokera kumakona anayi a msika, maambulera atatsekedwa kaye, n'kutumiza zithunzizo pagulu lathu la WhatsApp kuti zikhale m'mafoni ambiri. Amene wachokapo timamulembera dzina lake ndi makala pakatoni, zilembo zikuluzikulu, n'kuika pabenchi lake moyang'ana kumwamba. Mwezi wathawu makatoni anali atatu: awiri a kumaliro, imodzi ya mayi amene ali kuchikuta.